Mbereko ya Mayankho

Nkhani iyi si yoopsezera ana. Inachitikira Tinenenji, nesi wochokera ku Zomba, m'nyumba ina ya njerwa zofiira mumzinda wa Hull, chaka cha 2004. Mayi Constance, amene amatsogolera amayi pa mapemphero a Amalawi a mumzindawo, anaona zina mwa izi ndi maso awo, ndipo onse owadziwa angavomereze kuti si munthu wothira mchere pa nkhani. Mukawafunsa amayankha mwachidule, kenako amayamba kukamba za nyengo.

Tinenenji anafika ku Hull mu Seputembala kudzagwira ntchito m'chipatala. Kumudzi anasiya mwamuna wake, a Friday, omwe anali mphunzitsi, ndi mwana wawo mmodzi yekha, Mayankho, mtsikana wa zaka zitatu. Mapepala oti awiriwo amutsatire anali asanatuluke, ndipo panalibe wodziwa kuti adzatuluka liti. Pansi pa sutikesi anaika chitenje chobiriwira chomwe ankaberekera Mayankho kumsana, chosuluka pakati pomwe pankakhala mwanayo. Mbereko imeneyo sanaichape. Inkanunkhirabe mafuta odzola ndi thukuta la mwana, ndipo ankagona ataiika pansi pa pilo.

Chipinda anachipeza kudzera kutchalitchi, m'nyumba ya mayi wina wachizungu wa zaka 96, dzina lawo a Clara. Tsiku loyamba Tinenenji anawatchula kuti agogo, iwo n'kumufunsa kuti ndi agogo a ndani popeza sanakwatiwepo, sanaberekepo. Tinenenji anafotokoza kuti kwawo imvi zokha n'zokwanira. A Clara anati n'zachibwana. Koma pasanathe milungu iwiri, akaiwala kuwatchula choncho ankachita ngati sanamve.

A Clara anabadwira panyanja, m'chombo cha matanga chonyamula katundu. Bambo awo anali kaputeni, ndipo mayi awo anakana kutsala kumtunda kuti azionana ndi mwamuna kamodzi pa zaka ziwiri. Banja lonse linkakhala m'zipinda ziwiri za kumbuyo kwa chombo. Tebulo linali ndi kampanda m'mbali kuti mbale zisagwe, limba loimbira nyimbo analikhomera pansi ndi misomali, panja panali khola la nkhuku ndi mbuzi imodzi ya mkaka. Zovala ankachapa tsiku limene kwagwa mvula basi. M'mawa mayi ankaphunzitsa mwana wawo kuwerenga, masana ankaima pambali pa amuna awo kuyeza dzuwa kuti adziwe pamene chombo chafika. A Clara anaphunzira kuyenda pansi pakugwedezeka, moti tsiku loyamba kuponda doko anagwa chagada, n'kulira kuti dziko lafa.

Ankakonda kumuseka Tinenenji kuti iwo Africa anaidutsa m'mbali kanayi agogo ake asanabadwe, koma sanaipondepo chifukwa palibe anawaitana.

Tinenenji ankaseka nawo, koma chomwe chinamulowa mumtima chinali china. Mayi a Clara anali mkazi yekha pakati pa amuna makumi atatu, ndipo sankaloledwa kucheza ndi amalinyero. Miyezi isanu inkatha osalankhulana ndi mkazi mnzawo. Akakumana ndi chombo china, n'kuona madiresi atayanikidwa pachingwe, ankakweza mpango m'mwamba mpaka mkono kuwawa. Tinenenji ankazimvetsa. Iyenso ankakwera basi, kugwira shifiti yonse, kubwerera m'mdima, osamva munthu atatchula dzina lake molondola. Moni weniweni ankaumva Lamlungu lokha, 3 koloko masana, akakanda khadi la foni n'kuimbira kumudzi.

M'chipinda cha kuseri, pansi, munali kabedi ka mwana kamatabwa, kolendewera pa zingwe ziwiri zomangidwa ku mphete zamkuwa. Pambali pake panali mpando ndi kabuku kosonyeza nthawi za madzi, pakuti mtsinje wa Humber umadzaza ndi kuphwera kawiri pa tsiku potsata nyanja. Nthawi ya kudzaza ikakwana, a Clara ankasiya chilichonse, ngakhale tiyi wotentha, n'kukwawa ndi ndodo zawo kukakhala pampandowo, dzanja pa chingwe. Tinenenji ankati ndi ukalamba chabe.

Tsiku lina mu Novembala anaweruka shifiti ya m'mawa n'kuwapeza momwemo. Kunja kunali kutayamba kale kuda, ngakhale inali isanakwane 4 koloko. A Clara anamuuza kuti akhale, n'kuyamba kufotokoza osamuyang'ana. Anali ndi mlongo wawo, James, yemwe anabadwira m'chombo momwemo. Ali ndi miyezi isanu ndi itatu mbuzi inauma mkaka, mwana anatentha thupi masiku anayi, n'kumwalira chombo chili kumwera kwa Africa. Wosoka matanga anamusokerera m'nsalu yolimba pamodzi ndi chitsulo. Bambo anapemphera mawu ochepa, mwanayo analowa m'madzi, ndipo nthawi yomweyo analamula kuti matanga akwezedwe chifukwa mphepo inali yabwino. Mayi sanalire. Mkazi wa kaputeni sankayenera kulira amalinyero akuona, kuopa kuwafooketsa. Anatsika m'chipinda n'kukayala tebulo.

Tinenenji anafunsa kuti nanga analira ndani. A Clara anati palibe. Anafunsa za manda. Anati kulibe, koma manambala awiri osonyeza malowo panyanja, amene bambo analemba m'buku la chombo.

"Ntchito yanga inali kugwira chingwechi kuti mafunde asamugwetse," anatero a Clara. "Ndinali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Palibe anandiuza kuti ndisiye."

Mwana wa ku Zomba sakanamva za maliro n'kungoti pepani ali chiimire. Tinenenji anatsika pampando, anakhala pansi atatambasula miyendo monga amachitira amayi pasiwa, n'kuyamba kulira mokweza. Analirira mwana wosamudziwa, wopanda manda, wopanda womulira. Mwina analiriranso wake. A Clara anadzidzimuka, pakuti chiyambire anali asanaonepo munthu akulira chotero, kenako anaika dzanja lawo louma pamutu pake. Atatonthola, Tinenenji anayang'ana m'kabedi muja. Munali kamatiresi kopyapyala, kopanda chofunda, ndipo chipindacho chinali chozizira ngati mtsuko. Anakwera pamwamba, anatenga mbereko ya Mayankho, n'kuiyala bwinobwino, kupindira m'mbali.

"Kukuzizira, agogo," anatero. "Asagone chonchi."

Anachita ndi mtima wabwino, ndipo Ambuye amene amaona mitima akudziwa. Koma mavuto anayambira pamenepo.

M'mawa atapita kukaitenga anaipeza yonyowa, yozizira. Fungo la Mayankho linali litachoka. Inkanunkha mchere, phula ndi chingwe chonyowa. Anaiyanika pa hita yotenthetsera m'chipinda, ndipo itauma panatsala mizere yoyera. Anaibwezera pansi pa pilo. Tsiku lotsatira pobwera kuntchito anaipeza m'kabedi, yopindiridwa m'mbali monga anachitira iye. A Clara anali atatha zaka zinayi osakwera masitepe.

Kenako msana unayamba kulemera. Osati kuwawa ayi, kulemera kodziwika, kumene mayi aliyense amakudziwa. Zinkamupeza pa basi, m'wodi, pamzere wa m'sitolo. Ankangozindikira kuti akudzigwedeza pang'onopang'ono, dzanja lili kumbuyo kusisita pomwe palibe kanthu. Nesi mnzake anamufunsa ngati denga likudontha, chifukwa yunifolomu yake inkanyowa pakati pa mapewa, kadera kofanana ndi tsaya la khanda. Anayamba kulemba nthawi zake papepala, n'kukafananiza ndi kabuku ka a Clara. Sizinasiyane ndi mphindi imodzi yomwe.

Lamlungu anaimba foni monga mwa masiku onse. A Friday anamupatsa moni, anafotokoza za mvula ndi za kusukulu, kenako anaitana mwana. Mayankho ankakonda kuyamba ndi nyimbo za ku Sande sukulu, koma tsikulo sanaimbe.

"Akulirayo ndani?" anafunsa.

M'nyumba munali zii. A Clara anali m'tulo pampando wawo.

"Palibe akulira, mwanangu. Ndine, amayi ako."

"Muli ndi mwana wina."

Foni inagwa pansi. A Friday anaitola akuseka, n'kufunsa kuti kodi mayi a Mayankho, miyezi iwiri yokha mwatibisira kale kamzungu? Tinenenji anayesa kuseka nawo. Lamlungu lotsatira Mayankho anakana kubwera pafoni. Linalo anathawira kuseri kwa nyumba. Pofika Disembala a Friday anali atasiya nthabwala. Anati mwanayo wayamba kuitana azakhali ake kuti amayi, ndipo akamuonetsa chithunzi cha pakhoma amati awo ndi amayi a mwana wolira uja.

Tinenenji anawoloka nyanja chifukwa cha mwana ameneyu. Kuzizira, kusowa wocheza naye, kusambitsa anthu omwe sankamuyang'ana kumaso, zonse ankapirira poganiza za tsiku limene Mayankho adzamuthamangire pabwalo la ndege. Tsopano mwanayo ankamuchoka m'manja, Lamlungu ndi Lamlungu. Anagwada pakapeti n'kufunsa Mulungu ngati chifundo chingakhale tchimo. Kenako anaimbira foni Mayi Constance.

Mayi Constance anafika Loweruka atavala duku yoyera. Asanavule n'komwe jasi anamukalipira kukhitchini motsitsa mawu, kuti sukulu yonse ija yapita kuti, munthu n'kutenga mbereko ya mwana wamoyo kufunditsa pogona wakufa? Anati apemphere, nsaluyo aiotche, ndipo Tinenenji asamuke sabata yomweyo, kwawo kuli sofa. A Clara anafuula ali kuchipinda kuti ngati mlendoyo wabwera kudzatulutsa ziwanda afulumire, madzi adzaza pasanathe mphindi khumi.

Anakhala atatu m'chipinda cha kuseri. Inali 2 koloko masana. Kunja kunali kamvula kowaza, ndipo basi inadutsa mumsewu. Mayi Constance anaika kapu yawo ya tiyi pawindo n'kuyambitsa nyimbo.

Ndime yoyamba inatha bwino. Pa yachiwiri hita inazima yokha.

Fungo la phula linalowa. Kenako la mchere.

Kudenga kunalira thabwa, ngati munthu wolemera waponda. Linaliranso. Kukhitchini mbale zinasuntha pa shelefu, zonse mbali imodzi, n'kubwereranso. Mayi Constance anayang'ana kapu yawo. Tiyi anali atapendekeka. Kapu inali chiimire.

Nyimbo inawathera m'kamwa.

Penapake pafupi nkhuku inatetera.

Kabedi kanayamba kuyenda. Kumanja. Kumanzere. Zingwe zinkalira pa mphete zamkuwa. A Clara anagwira chingwe, koma kabediko kanali kopepuka. Kulemera konse kunali pa Tinenenji, amene anali atawerama, akudzigwedeza, misozi ili chuchuchu.

Pakhomo panazizira. Pakapeti, pakhomo penipeni, panayamba kunyowa mozungulira, monga mmene umanyowetsera mpendero wa diresi yaitali.

"Ndi amayi anga," a Clara ananong'ona. "Amafika pomwepo. Salowa."

Mayi Constance anafunsa kuti akufuna chiyani.

"Mwana wawo. Koma sanamugwirenso chichokereni tsiku lija. Amaopa kuti akamugwira alira." A Clara anatembenukira kwa Tinenenji. "Zaka makumi asanu ndi anayi wakhala ali chete m'kabedimu. Wabwera iwe, wamulira, wamufunditsa. Wapeza msana. Ukuganiza angatsike?"

Patapita kanthawi hita inayaka, tiyi anaongoka. Mayi Constance anavala jasi yawo mabatani osalingana. Pakhomo anamugwira Tinenenji dzanja n'kubwereza za sofa ija. Tinenenji anati sangasiye nkhalamba yokha ndi chingwe. Komanso mumtima ankadziwa kuti kusamuka sikungathandize, pakuti mwanayo ankakwera naye basi.

Khirisimasi isanafike a Clara anadwala chifuwa, ndipo anakana kupita kuchipatala. Anawaikira bedi m'chipinda cha kuseri chomwecho. Tsiku lina Tinenenji akuwamwetsa madzi, anamupempha kuti awaphunzitse mmene amamangira nsalu ija. Anati iwo ulendo wawo wayandikira, ndipo manja awo alibe mphamvu zonyamulira mwana, koma msana ulipo. Tinenenji anamva zomwe ankapempha. Mbereko ikapita, sidzabweranso. Anakana. Anati ndi chinthu chokhacho cha Mayankho chimene ali nacho m'dziko lino. A Clara sanaumirire. Anangoti nsalu ndi yake, mwananso ndi wake, asankhe yekha.

Pa Khirisimasi anaimba foni. Anamva anthu akuseka, mbale zikulira, wailesi ikuimba. Anamva a Friday akunyengerera mwana, kumulonjeza masiwiti. Kenako anamva mawu a Mayankho chapatali, omveka bwino, akuti alibe amayi a m'foni.

Tsiku limenelo Tinenenji sanadye. Anakhala pamasitepe atakumbatira nsalu yonunkha mchere, mpaka anavomereza mumtima kuti zimene ankasunga m'nsaluyo zinachokamo kale.

Linali Lachinayi loyamba la Januwale pamene mpweya wa a Clara unayamba kudukiza. Kabuku kankati madzi adzaza itangopitirira 3 koloko masana. Mayi Constance anabwera, ngakhale anali atalumbira kuti sadzapondamonso. Awiriwo anawadzutsa a Clara n'kuwakhazika pabedi. Anali opepuka ngati mtolo wa udzu.

Hita inazima. Thabwa linalira. Pakhomo pananyowa.

Tinenenji anakhala m'mphepete mwa bedi, anawerama, n'kupendeketsa phewa monga amachitira mayi potsitsa mwana. Analankhula Chichewa, motsitsa.

"Tsika, bambo. Pita kwa achemwali ako."

Poyamba palibe chinachitika. Kenako anamva tizala tozizira tikumasuka pakolala yake, kamodzikamodzi. Msana unapepuka.

A Clara anawerama okha, ngati wina wawakankha. Tinenenji anatambasula mbereko, anaikulunga kumsana kwawo, kudutsitsa kukhwapa ndi paphewa, n'kumanga mfundo pachifuwa. Nsaluyo sinagone pamsana. Inatumphuka.

"Wanenepa," anatero a Clara, akupuma movutika. "Umamudyetsa chiyani?"

Mayi Constance anayambitsa nyimbo ya pamaliro, ija amaimba amayi potuluka ndi bokosi m'nyumba, ndipo ulendo uno sinawathere. Tinenenji anakhala pansi n'kulira maliro a James monga amalirira kwawo. A Clara nawo analira, kulira kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi.

Apa ndi pamene Mayi Constance amatsitsa mawu akamafotokoza. M'nyumbamo munali akazi atatu. Iwo anamva mawu anayi. Achinayiwo anayambira pakhomo, otsika, okhakhala, ngati chitseko chomwe chakhala zaka osatsegulidwa. Kenako anasuntha. Anadutsa pambali pawo, kuzizira kwake kunawakhudza tsaya, n'kukaima pamutu pa bedi.

Kabedi kanaima.

A Clara anamwalira madzi atayamba kuphwera, dzanja lawo lili pa mfundo, osati pa chingwe. Okonza maliro anafuna kuchotsa nsaluyo kuti awaveke bwino, koma Tinenenji anaima pakhomo mpaka anamvera. Anaikidwa nayo. Pamaliro panali anthu asanu ndi awiri, ndipo m'busa ananena za tsiku limene nyanja nayo idzabweze onse amene inawasunga.

Lamlungu lotsatira Tinenenji anakanda khadi n'kuimba foni. A Friday anati adikire, mwana wabwera yekha, wangoima apa. Tinenenji ankamva kupuma kwake.

"Mwana uja wagona?" anafunsa Mayankho.

"Wagona, mwanangu."

"Amayi, mubwera liti?"

Mapepala anatuluka patatha chaka ndi theka. A Friday ndi Mayankho anafika m'chilimwe cha 2006, ndipo Loweruka lina Tinenenji anatenga mwana wake kukamuonetsa mtsinje wa Humber. Za kabedi, za a Clara, za mbereko, anali asanauzepo munthu kumudzi, ngakhale mwamuna wake, poopa kuti amuyesa wozungulira mutu. Anayenda mtunda ndithu m'mbali mwa madzi. Mayankho, yemwe tsopano anali ndi zaka zisanu, anatopa n'kupempha kuti amubereke. Tinenenji anamuseka kuti ndi chimtsikana chachikulu, kenako anayamba kupepesa kuti chitenje chake chobiriwira chija chinasowa.

"Sichinasowe," anatero Mayankho, akuyang'ana madzi. "Amayi ake anabwera kudzandipempha. Tsiku lija munkalira nonse."

Tinenenji anaima.

"Amayi ake a ndani?"

"A mwana uja. Anavala diresi yaitali, yonyowa m'munsi. Chichewa sankachidziwa. Anangogwada pakhomo." Mwanayo anakweza manja kuti anyamulidwe. "Ndiye ndinawalola."

Tinenenji anavula jasi yake, anawerama, ndipo Mayankho anakwera. Anamanga mikono ya jasiyo pachifuwa. Mwanayo anali wolemera, wofunda, wonunkhira mafuta odzola ndi thukuta. Kumbuyo kwawo madzi anali akudzaza, ndipo Tinenenji sanacheuke.